Mbiri ya luso lofufuza vuto pa netiweki ya makompyuta

Ntchito yofufuza chimene chavuta makompyuta akalephera kulumikizana inayamba usiku womwewo umene makompyuta awiri a netiweki ya ARPANET anayesa kulankhulana koyamba. Pa 29 Okutobala 1969, Charley Kline, wophunzira wa pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, anayamba kulemba mawu akuti LOGIN pofuna kulowa mu kompyuta ya ku Stanford Research Institute, pamtunda wa makilomita oposa 500. Kutsidyako kunali Bill Duvall, ndipo awiriwa anali pa foni: uyu akadina chilembo, mnzake amanena ngati chafika. L inafika, O inafikanso, koma pa G kompyuta ya ku Stanford inasokonezeka n'kuima. Panapita pafupifupi ola limodzi kuti Duvall akonze mbali yake, kenako mawu onse anadutsa.

Nkhaniyi ndi yaifupi, koma muli kale zonse zimene zimavutitsa akatswiri a netiweki mpaka lero. Pali makina kuno, pali makina uko, ndipo pakati pali njira imene munthu sangaione yonse ndi maso. Galimoto ikafa, makaniko amatsegula boneti, chilichonse chili pamaso pake. Netiweki ikavuta, chowonongekacho chikhoza kukhala pansi pa tebulo, m'nyumba ina ya mumzinda womwewo, kapena pansi pa nyanja, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mwiniwake. N'chifukwa chake katswiri asanaganize zokonza amayamba wafunsa kuti vuto lili pati, nanga ndi la ndani. Palinso foni ija. Kline ndi Duvall anadziwa msanga chimene chachitika chifukwa anali ndi njira ina yolankhulirana yosadalira netiweki imene ankayesayo.

Luso lopeza pamene waya wavulala linalipo makompyuta asanabwere. Amisiri a telegalafu a m'zaka za m'ma 1800 ankadziwa kuti waya akamatalika, magetsi amavutika kwambiri kudutsamo. Poyeza kuvutikako ali mbali imodzi, ankatha kuwerengera mtunda wokafika pamene waya wakhudza nthaka kapena madzi. Njira ziwiri zoyezera, zodziwika ndi mayina a Murray ndi Varley, zinatumikira makampani a lamya kwa zaka zambirimbiri. Makompyuta anabweretsa vuto la mtundu wina: waya ali bwinobwino, magetsi akuyenda, koma uthenga osafika.

Makina olumikiza ARPANET anapangidwa ndi kampani ya Bolt Beranek and Newman, mwachidule BBN, ya ku Cambridge m'chigawo cha Massachusetts, ndipo gulu lake linkatsogoleredwa ndi Frank Heart. Pamalo aliwonse ankaikapo makina otchedwa IMP, amene anali kompyuta ya Honeywell DDP-516 yosinthidwa. Ntchito yake inali kulandira mapaketi, tizidutswa timene uthenga umagawidwamo, n'kuwapatsira IMP yotsatira. Ma IMP ankalumikizana pa mawaya a foni obwereka ku AT&T, onyamula makilobiti 50 pa sekondi. Pofika Disembala 1969 analipo anayi: ku UCLA, ku Stanford Research Institute, ku Santa Barbara ndi ku Utah. Heart sankakonda kusiya zinthu m'manja mwa mwayi. Sankafuna kuti ophunzira a m'mayunivesite azigwiragwira makinawo, ndipo anaonetsetsa kuti makinawo azidziulula okha akayamba kudwala. IMP iliyonse inkafunsa anansi ake pafupipafupi ngati alipo, n'kumatumiza lipoti la momwe mawaya ake akuyendera. BBN italandira IMP yakeyake mu 1970, malipotiwa anayamba kusonkhana pamalo amodzi, Network Control Center, pamene pambuyo pake panayang'aniridwa ndi Alex McKenzie. Zipinda zonse zoyang'anira netiweki zimene makampani a foni ndi a intaneti ali nazo lero, zija za masikirini ambirimbiri pakhoma, zimagwira ntchito yofanana ndi imeneyi.

Chida chawo champhamvu chinali kubweza uthenga. Ali ku Cambridge konko, ankatha kulamula IMP ya ku California kuti idzitumizire yokha uthenga: choyamba usanatuluke m'makina, kenako ukhotere pa modemu yapafupi, kenako ukakhotere pa modemu ya tsidya lina la waya. Pamene uthenga waleka kubwerera ndi pamene pali vuto. Olemba mbiri ya nthawiyo amasimba kuti anthu a BBN ankaimbira ofesi ya kampani ya foni ku California kuiuza kuti waya wake wakutiwakuti wavuta, ogwira ntchito kumeneko n'kumadabwa kuti munthu wa ku Massachusetts wadziwa bwanji eniake asanadziwe. Kampani ya foni inazolowera kumva za vuto kasitomala akadandaula. Kuona vuto kasitomala asanalione chinali chinthu chatsopano.

Posakhalitsa kunaoneka kuti makina odziulula okha akhozanso kunama. Ma IMP ankauzana za njira: iliyonse inkauza anansi ake kutalika kwa ulendo wopita kumalo aliwonse kudzera mwa iyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, memore ya IMP ya ku Harvard inawonongeka, makinawo n'kuyamba kulengeza kuti ulendo wopita kulikonse kudzera mwa iwo ndi ziro. Anzake anakhulupirira. Mapaketi ochokera konsekonse anakhamukira ku Harvard n'kukasowera komweko, pamodzi ndi mauthenga amene Network Control Center inkadalira kuti ione chimene chikuchitika. Anachita kuidula IMP imeneyo pa netiweki kuti zinthu zibwerere m'chimake.

Vuto limene akatswiri amaliphunzirabe kwambiri ndi la pa 27 Okutobala 1980, pamene ARPANET yonse inaima kwa maola angapo. Uthenga uliwonse wonena za njira unkakhala ndi nambala yosonyeza kuti watsopano ndi uti. Nambalayo inali ya mabiti 6 okha, kutanthauza kuti inkayenda kuchoka pa 0 kufika pa 63 n'kuyambiranso. Pofuna kuti kuyambiransoko kusasokoneze, panali lamulo: pa manambala awiri, yaikulu ndiyo yatsopano ngati kusiyana kwake sikupitirira 32, koma kukapitirira, yatsopano ndi yaing'onoyo. Tsikulo IMP 29 inali ndi vuto lotaya mabiti, ndipo uthenga umodzi wa IMP 50, wa nambala 44, unasanduka mauthenga atatu a manambala 44, 40 ndi 8. Potsata lamulo lija, 44 inali yatsopano kuposa 40, ndipo 40 inali yatsopano kuposa 8, koma 8 nayo inali yatsopano kuposa 44 popeza kusiyana kwake ndi 36. IMP iliyonse ikalandira umodzi mwa atatuwa inkauyesa watsopano, n'kuutumiza kwa anansi onse, n'kulandira wina, n'kuutumizanso, osalekeza. Mauthenga a njira ankapatsidwa mpata patsogolo pa china chilichonse, motero anadzaza memore ndi mawaya moti ngakhale timauthenga tofunsana ngati mnansi alipo tinasowa podutsa. Kuzimitsa IMP imodzi n'kuiyatsanso sikunathandize, chifukwa ikangodzuka anansi ake ankaipatsiranso matendawo. Mapeto ake ma IMP anachita kupatsidwa lamulo lapadera loti anyalanyaze mauthenga a IMP 50. Eric Rosen wa BBN analongosola zonsezi mu chikalata cha RFC 789 cha mu 1981, ndipo chikalatacho n'chitsanzo chabwino cha lipoti lolembedwa vuto litatha: chimalondola chiyambi cha vuto sitepe ndi sitepe, n'kuonetsa kuti makina aliwonse anatsata lamulo molondola, cholakwika chinali lamulo losayembekezera kuti manambala atatu angazungulirane chotero.

Nthawi yonseyi luso lofufuza linali m'manja mwa kampani imodzi, chifukwa netiweki inalinso imodzi. Zinasintha pa 1 Januwale 1983, tsiku limene ARPANET inasamukira ku TCP/IP, malamulo olola manetiweki a eni osiyanasiyana kulumikizana. Kuyambira pamenepo panalibenso chipinda chimodzi choona zonse. Aliyense anafunika chida chofunsira ali kwawo. Maziko ake anali atayalidwa kale mu Sepitembala 1981, pamene Jon Postel anatulutsa RFC 792 yofotokoza ICMP, timauthenga timene makina amatumizirana ponena kuti kumene paketi imapita sikukufikika, kuti paketi yatha nthawi, kapena pongoyankha kuti alipo. Mu Disembala 1983, Mike Muuss wa ku Ballistic Research Laboratory ku Aberdeen, Maryland, anaona netiweki ya kuntchito kwake ikuchita zachilendo. Anakumbukira zimene David Mills ananenapo za kuyeza nthawi ya ulendo pogwiritsa ntchito ICMP, ndipo usiku umodzi analemba pulogalamu ya mizere pafupifupi 1,000. Anaitcha ping, potengera kulira kwa chida chimene sitima zapansi pa madzi zimapezera zinthu pomvera kubwerera kwa phokoso. Mwiniwake anasimba kuti vuto limene linamuyambitsa ntchitoyi linakonzedwa ndi mnzake iye asanamalize kulemba. Pulogalamuyo inalowa mu Unix ya ku Berkeley, ndipo lero ili mu Windows, Linux, macOS ndi pafupifupi rauta iliyonse, makina opatsira mapaketi kuchoka pa netiweki ina kupita pa inzake.

Ping imanena zinthu zitatu: ngati yankho labwera, latenga nthawi yaitali bwanji, ndipo pa mapaketi otumizidwa angati atayika. Wodziwa kuwerenga amapezamo zambiri. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi mu chingwe cha faiba, choncho makilomita 1,000 aliwonse amawonjezera mamilisekondi 10 pa ulendo wopita ndi kubwera. Setilaiti yokhazikika pamwamba pa ikweta ili pa makilomita 35,786, ndipo yankho lodutsa kumeneko limatenga pafupifupi theka la sekondi kapena kuposerapo, ngakhale makina onse atakhala atsopano. Nambala yosinthasintha kwambiri imasonyeza kuti penapake mapaketi akuima pamzere. Koma kusayankha si umboni wa imfa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anthu oipa anayamba kugwiritsa ntchito mapaketi a ping pogwetsa makompyuta ndi kudzaza mawaya, ndipo oyang'anira ambiri anatseka ICMP pazipata zawo. Seva yamoyo ikhoza kukhala chete mwadala.

Zida zina ziwiri zinachokera ku Lawrence Berkeley Laboratory. Mu Okutobala 1986, liwiro la pakati pa labotaleyi ndi yunivesite ya California ku Berkeley, malo otalikirana mamita osakwana 400, linatsika kuchoka pa makilobiti 32 pa sekondi kufika pa mabiti 40 okha. Palibe waya amene anaduka, palibe makina amene anafa. Van Jacobson ndi Michael Karels anapeza kuti makompyuta akaona yankho likuchedwa ankatumizanso mapaketi omwewo, kutumizansoko n'kuwonjezera kuchedwa, mpaka waya kudzaza ndi zobwerezabwereza. John Nagle anali atachenjeza kale za zimenezi mu 1984. Njira zochepetsera liwiro zimene Jacobson anafalitsa mu 1988 zikadali m'kati mwa TCP. Kuti aone vuto lotereli anafunika kuona mapaketi enieniwo akudutsa, ndipo gulu lomwelo, mmene munalinso Craig Leres ndi Steven McCanne, linalemba tcpdump, pulogalamu yomvetsera pa waya n'kulemba paketi iliyonse ndi nthawi yake.

Chida chachiwiri ndi traceroute, chimene Jacobson analemba mu 1987 potsatira ganizo la Steve Deering. Nzeru yake ndi yogwiritsa ntchito chinthu chimene chinaikidwa pa cholinga china. Paketi iliyonse imanyamula nambala yotchedwa TTL, imene rauta iliyonse imachotsapo imodzi, kuti paketi yosochera isazungulire kosatha. Nambalayo ikafika pa ziro, rauta imataya paketiyo n'kutumiza uthenga wa ICMP kwa mwiniwake. Traceroute imatumiza mwadala paketi ya TTL 1, rauta yoyamba n'kudandaula, potero n'kudziulula dzina. Kenako imatumiza ya TTL 2, yachiwiri n'kudandaula, mpaka njira yonse italembedwa. Funso lija lakuti vuto ndi la ndani linapeza poyambira, popeza mayina a marauta kawirikawiri amasonyeza kampani ndi mzinda. Chofooka chake n'chakuti imaonetsa njira yopita yokha, pamene yobwerera ikhoza kukhala ina.

M'maofesi nkhani inali ina. Ethernet, imene Robert Metcalfe ndi David Boggs anayambitsa ku Xerox PARC mu 1973, itafika m'maofesi inali chingwe chimodzi chonenepa, kawirikawiri chachikasu, chotalika mpaka mamita 500, chodutsa m'denga kapena pansi pa nyumba yonse. Pa mamita awiri ndi theka aliwonse panali chizindikiro, ndipo pofuna kulumikiza kompyuta mmisiri ankaboola chingwecho pachizindikiropo n'kumangapo kachida kokhala ndi msomali wokhudza waya wa m'kati. Mtundu wotsatira, wa chingwe chowonda cha mamita 185, unkadutsa kuseri kwa kompyuta iliyonse pa kachitsulo kooneka ngati T. Kumapeto onse awiri kunkafunika kotsekera ka maohmu 50, koletsa magetsi kubwerera m'chingwe. Munthu mmodzi akasuntha desiki n'kumasula cholumikizira, kapena akachotsa kotsekera osadziwa ntchito yake, ofesi yonse inkaima, ndipo panalibe nyali yosonyeza pamene zachitikira. Amisiri ankayenda ndi kotsekera kapadera m'thumba. Ankamasula chingwe pakatikati, n'kutseka, n'kuona theka limene likugwira ntchito; theka lovutalo ankaligawanso pakati, mpaka kutsala kachigawo kamodzi. Ofesi ya makompyuta 30 inkafuna kugawa kasanu kokha. Amene anali ndi ndalama ankagula TDR, chida chotumiza kamphamvu ka magetsi m'chingwe n'kuwerenga nthawi imene kabwerere, chimene chimanena mamita ofika pamene pavulala.

Mu 1990 kunabwera 10BASE-T, pamene kompyuta iliyonse inapatsidwa waya wakewake wopita ku kabokosi kapakati. Waya mmodzi akavuta, wovutika ndi munthu mmodzi. Kunabweranso kanyali kobiriwira pafupi ndi polowetsa waya, kamene mwina kapulumutsa maola ambiri a amisiri kuposa pulogalamu iliyonse. Koma mabokosi olumikizana anabala vuto lawo: waya akalumikizidwa mozungulira, paketi imodzi imazungulira n'kuchulukana mpaka netiweki kutsamwa. Radia Perlman wa ku Digital Equipment Corporation anapeza mankhwala ake mu 1985, njira yotchedwa spanning tree, imene imatseka yokha njira zobwereza. Nayo ili ndi malire. Mu Novembala 2002 netiweki ya chipatala cha Beth Israel Deaconess ku Boston, imene inakula pang'onopang'ono popanda kukonzedwanso mpaka kupitirira malirewo, inagwa mobwerezabwereza kwa masiku pafupifupi anayi, madokotala n'kubwerera ku mapepala. Mkulu wa zamakompyuta pachipatalapo, John Halamka, anasankha kufotokoza nkhaniyi poyera kuti zipatala zina ziphunzirepo.

Ndondomeko imene amisiri amaphunzitsidwa lero inachokera ku chithunzi cha magawo asanu ndi awiri cha OSI, chimene bungwe la ISO linavomereza mu 1984. Malamulo a OSI enieniwo anagonja kwa TCP/IP, koma chithunzicho chinatsala ngati njira yoganizira: kuyamba pansi n'kumakwera. Kodi magetsi alipo, waya walowa, nyali yayaka? Kodi kompyuta ili ndi adiresi? Kodi ikufika pa rauta ya pakhomo? Nanga kunja? Nanga mayina akumasuliridwa? Funso lililonse lili ndi mbiri yake. Kale adiresi inkalembedwa pamanja, ndipo makompyuta awiri akapatsidwa imodzi ankalandana mauthenga mosinthana, vuto losautsa chifukwa limabwera n'kupita. DHCP, imene Ralph Droms anatsogolera mu 1993, inachititsa kuti adiresi izibwera yokha. Kuyambira pa Windows 98, kompyuta yosowa woipatsa adiresi imadzipatsa yoyamba ndi 169.254, ndipo mmisiri akaona manambala amenewa amadziwiratu kumene ayang'ane. Mayina nawo poyamba ankasungidwa mu fayilo imodzi, HOSTS.TXT, imene gulu la Elizabeth Feinler ku Stanford Research Institute linkasamala, aliyense n'kumakopera. Paul Mockapetris atayambitsa DNS mu 1983, fayiloyo inalowedwa m'malo ndi maseva ambirimbiri ofunsana. Kuchokera apo pali kayesedwe kachidule kodziwika kwa mmisiri aliyense: ngati ping ikuyankha pa adiresi ya manambala koma ikukana pa dzina, njira ili bwino, vuto ndi DNS.

Ngakhale langizo lonyozeka lija lakuti zimitsani muyatsenso lili ndi chifukwa chake. Rauta imasunga m'memore mndandanda wa amene akulankhula ndi amene wabwereka adiresi iti, ndipo mndandandawo ukadzaza kapena kusokonezeka, kuzimitsa kumaufufuta. Choipa chake n'chakuti kumafufutanso umboni, vuto n'kudzabweranso sabata yamawa popanda wodziwa chiyambi chake. Wi-Fi, imene inafala kuyambira 1999, inachotsa waya amene mmisiri akanagwira n'kuikapo mafunde osaoneka, amene amafooka pakhoma la konkire ndiponso amalimbana ndi marauta a anansi ngakhalenso uvuni wa microwave, popeza zonsezi zimakumana pa 2.4 GHz.

Zida zoonera mapaketi poyamba zinali zodula. Sniffer ya kampani ya Network General, ya m'zaka za m'ma 1980, inali kompyuta yathunthu yonyamula pamanja imene makampani akuluakulu okha ankakwanitsa. Mu 1998 Gerald Combs, amene ankagwira ntchito pa kampani yaing'ono ya intaneti, anatulutsa Ethereal kwaulere, ndipo mu 2006 inasintha dzina kukhala Wireshark. SNMP ya mu 1988 inalola kufunsa makina a makampani osiyanasiyana m'chilankhulo chimodzi, ndipo MRTG ya Tobias Oetiker ya mu 1995 inasandutsa mayankhowo kukhala magirafu. Girafu inasintha kaganizidwe, chifukwa munthu sangadziwe kuti lero zavuta ngati sakudziwa momwe tsiku labwino limaonekera.

Mavuto aakulu kwambiri a zaka zaposachedwa akhala a mtundu wa Harvard uja, makina olengeza njira yabodza, koma pa dziko lonse. Makampani a intaneti amauzana njira kudzera mu BGP, imene Kirk Lougheed ndi Yakov Rekhter anayamba kuilemba pa timapepala topukutira pakamwa mu 1989, ndipo inamangidwa pa kukhulupirirana. Rauta ikamva njira ziwiri, imasankha yolozera gulu laling'ono la maadiresi. Pa 25 Epulo 1997 rauta ya kampani ina yaing'ono ku America inalengeza molakwika njira zambirimbiri zoterezi n'kusokoneza gawo lalikulu la intaneti. Pa 24 Febuluwale 2008, Pakistan Telecom, potsatira lamulo la boma lotseka YouTube m'dzikomo, inalengeza kuti maadiresi ena a YouTube ali kwa iyo. Chilengezocho chinadutsa pa kampani ya PCCW ya ku Hong Kong n'kufalikira konse, YouTube n'kusowa kwa maola pafupifupi awiri. Mavuto otere ping yokha siingawaone, ndipo amalondoledwa ndi nkhokwe zosunga zilengezo zonse za BGP, monga Route Views ya yunivesite ya Oregon ndi ya bungwe la RIPE NCC ku Amsterdam.

Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinasowa kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Malinga ndi zimene kampaniyo inafotokoza, lamulo loperekedwa pa ntchito yokonza wamba linadula mawaya onse olumikiza nyumba zake zosungira maseva, ndipo pulogalamu yoyenera kuletsa lamulo lotere inali ndi cholakwika. Maseva ake a DNS, ataona kuti sakufika kunyumbazo, anachita monga anapangidwira: anachotsa zilengezo zawo za BGP. Kwa munthu wogwira foni ku Lilongwe kapena ku Lusaka, chizindikiro chinali chimodzimodzi ndi cha bandulo yotha. Kwa mainjiniya a kampaniyo, chowawa chinali chakuti zida zawo zofufuzira ndi njira zawo zolowera patali zinadalira netiweki yomweyo, ndipo anthu anachita kutumizidwa kukafika pamakina penipeni, kudutsa zitseko zomangidwa mwadala kuti zikhale zovuta kulowa. Ndi msampha womwe uja wa ku Harvard, ndipo n'chifukwa chake oyang'anira osamala amasunga khomo lina lolowera pa rauta, kale modemu ya foni, lero kawirikawiri simu khadi ya kampani ina.

Pansi pa zonsezi pakadali chingwe, ndipo chingwe chimaduka. Mu Malichi 2011 khasu la munthu wofunafuna waya wa kopa ku Georgia linadula faiba, dziko loyandikana nalo la Armenia n'kukhala pafupifupi lopanda intaneti kwa maola angapo. Kum'mawa kwa Africa kunkadalira kwambiri setilaiti mpaka pamene chingwe cha pansi pa nyanja cha SEACOM chinayamba kugwira ntchito mu Julayi 2009, ndi EASSy mu 2010. Malawi, pokhala wopanda gombe, amafika pa zingwezi kudzera pa faiba yodutsa m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique, motero vuto looneka ku Mzuzu likhoza kukhala kutali kwambiri ndi malire. Malo osinthanirana mauthenga a Malawi Internet Exchange, amene anakhazikitsidwa ku Blantyre mu 2008, anabwera kuti uthenga wochoka pa kampani ina kupita pa inzake m'dziko momwemo usamachite kuzungulira kunja, ulendo umene traceroute inkauonetsa poyera.

Padziko lonse zingwe za pansi pa nyanja zimavulala ka 150 mpaka 200 pachaka, makamaka chifukwa cha maukonde a asodzi ndi anangula a sitima. Pamene pavulala amapapeza ali kumtunda. Amawalitsa kuwala m'faiba n'kuyeza kobwerera ndi chida cha OTDR, komanso amayeza magetsi a mu waya wa kopa amene amadyetsa makina okuzira kuwala m'njira. Sitima imapita pamalopo, n'kukoka chingwe ndi mbedza, n'kukweza mbali imodzi n'kuimangirira pa choyandama, n'kukweza inayo, n'kulumikizapo chidutswa chatsopano ulusi ndi ulusi, n'kuyesa, n'kubwezera pansi. Chaka cha 2024 chinaonetsa kuchepa kwa sitima zoterezi ku Africa. Mu Febuluwale zingwe zitatu zinaduka m'Nyanja Yofiira, pa 14 Malichi zina zinayi zinaduka kufupi ndi Côte d'Ivoire, ndipo pa 12 Meyi EASSy ndi SEACOM zinaduka kumpoto kwa Durban njira zina zolambalalira zisanachire. Intaneti inafooka ku Tanzania, Mozambique, Malawi, Kenya, Uganda ndi Rwanda. Makampani anapatutsira mauthenga awo ku zingwe zina ndi ku faiba ya pamtunda, pamene sitima ya Léon Thévenin ya kampani ya Orange Marine inanyamuka ku Cape Town kukalumikiza zingwe ziwirizo, ntchito imene inatha patapita pafupifupi masabata atatu.